Kusoka chikwama cha pa handulo ya njinga chopirira fumbi ndi dzuwa la kuchigwa

Chikwama changa choyamba cha pa handulo sichinafike ndi pa Ngabu pomwe. Ndinanyamuka pa Nchalo m'bandakucha, ulendo wa masiku atatu wokaona abale ku Nsanje, nditangotenga chikwama cha sukulu cha mwana wa achemwali anga n'kuchimangirira kutsogolo ndi malegeni. Pa tala zinkayenda bwinobwino. Nditapatukira kamsewu kafumbi kukasaka mjigo, chikwama chija chinayamba kudumphadumpha, kenaka kutsika pang'onopang'ono mpaka kukhala pa tayala, poti njinga yanga nthawi imeneyo inalibe madigadi. Kaphokoso ndinkakamva ndithu, fwee fwee, koma ndimati ndi tsamba la nzimbe lakodwa m'masipoko. Pomadzaima, tayala linali litadya pansi pa chikwama, litadyanso neti imene inali m'katimo. Usiku umenewo udzudzu wa pa Bangula unachita nane phwando.

Kuyambira pamenepo ndasoka zikwama zinayi, ndipo ndaona kuti nsalu si imene imayamba kugonja. Chikwama cha kutsogolo chimafa ndi kugwedera. Chikamagwedera chimakhula penapake, chikakhula chimabooka, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti chimatha kupanikiza mabuleki inu muli pa liwiro. Choncho zonse zimene ndikuuzeni pano mutu wake ndi umodzi: chigwire malo atatu, chitalikire tayala, chisakhudze mabuleki.

Chimene tipange chili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi chipulasitiki cholimba chopindika chimene chimakhala pa njinga nthawi zonse. Ine ndimachitcha chishango. Chachiwiri ndi thumba lalitali lotseguka mbali zonse ziwiri, lotseka pochita kukulunga milomo yake, limene mumalimangirira pa chishangocho. Mukafika kogona mumangomasula malamba awiri, thumba m'khwapa, njinga n'kutsala panja kapena pakhonde. Zipi musaiganizire n'komwe. Fumbi la kuno m'mwezi wa September ndi October ndi losalala ngati ufa woyera, limalowa m'mano a zipi, ndipo pakangotha maulendo awiri atatu zipiyo imayamba kuyasama pakati.

Zoti musonkhanitse

Pa nsalu, imene yandikhalitsa kwambiri ndi nsalu ya lona, ija yophimbira katundu pa malole, koma musankhe yopyapyalako kuti makina a telala aithe. Nsalu ya tenti yakale kapena ya jekete yamvula ya pa kaunjika nayo ndi yabwino, yopepukanso. Jinzi ndi yolimba koma imamwa madzi, ndiye mukasankha imeneyo muziika katundu m'jumbo yochindikala musanamulowetse m'thumba. Matumba a feteleza ndi a shuga ndinawayesa: amaoneka olimba, koma dzuwa la kuno limawafumbutsa, miyezi ingapo yokha amayamba kuyoyoka ngati gaga. Ndi abwino pophunzirira kudula basi. Ngati pali posankha, pewani nsalu yakuda. Kuno malo ndi otsika kwambiri, ku Nsanje boma sikufika n'komwe mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo nyengo yotentha thupi limamva madigiri opitirira 40. Thumba lakuda limasanduka uvuni. Mita imodzi ya nsalu ikukwanirani.

Chishango chimachokera ku chigubu cha malita 20, chija cha mafuta ophikira. Chikhale chobooka kale, musawononge chotungira madzi, mungayambane ndi amayi kunyumba. Chigubu chimene munali mankhwala opopera thonje ayi ndithu, ngakhale mutachitsuka chotani, chifukwa tichitenthetsa komanso chizikhala pafupi ndi zovala ndi kamba wanu.

Malamba ndi zotsekera musavutike kukagula zatsopano. Pitani pa kaunjika tsiku la msika, funsani zikwama za kumsana zong'ambika zimene wogulitsa wazitaya mtima. Chimene mukufuna ndi malamba a nayiloni a masentimita 2.5 m'lifupi, onse pamodzi akwane mamita anayi. Zotsekera zapulasitiki zinayi zija zolowetsana chachimuna ndi chachikazi n'kulira kuti kha. Ndi tizokokera titatu tija timakhala pa malamba a m'mapewa. Chotsekera chilichonse chiyeseni pomwepo: tsekani, kokani mwamphamvu. Chikamasuka chokha kapena chikaoneka choyezuka ndi dzuwa, chisiyeni. Muli pomwepo pemphani kachidutswa ka lamba wapulasitiki womangira mabelo, amangotaya.

Zotsalazo zili m'nyumba mwanu kale: patapata wakutha awiri, chubu chakale, katoni, choko, tepi yoyezera, sizasi, mpeni wakuthwa, msomali wa mainchesi anayi, mapegi oyanikira zovala, kandulo, guluu wa nsapato ndi ulusi wa nayiloni. Ulusi wa thonje umaola ukanyowa, usalowe pa ntchito imeneyi.

Yambani ndi njinga, nsalu idikire

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa njinga zathu si zofanana. Pali zakuda zija za mabuleki a ndodo zachitsulo, zokondedwa ndi akabaza. Pali za magiya zochokera pa kaunjika, za mabuleki a mawaya. Palinso Buffalo, imene buleki yake yakumbuyo mumagwira popalasa chobwerera. Buffalo ndi yosavuta chifukwa kutsogolo kulibe zambiri zosokoneza. Ya ndodo ndiye yovutitsitsa: ndodo zake zimayenda chokwera ndi chotsika kutsogolo kwenikweni kwa khosi la njinga, pamalo pomwe chikwama chikufuna kukhala.

Imikani njinga pamthunzi, muyeze zinthu zitatu. Choyamba, kuchokera pa handulo kutsika mpaka pamwamba pa tayala kapena pa madigadi. Pa nambala imene mwapezayo chotsanipo masentimita 6. Chotsalacho ndiye kunenepa kumene thumba lanu lisapitirire. Ngati foloko yanu ndi ya masipuling'i, wina aitsamire ndi thupi lonse kuti itsike, inu muyeze ili chotsika choncho, apo ayi pa bampu yoyamba tayala lidzapsompsona thumba. Masentimita 6 amenewa ena amati ndawonjeza. Amene anapalasapo pa dothi la makande la ku Ngabu mvula itagwa sangatsutse: matope ake amamatirira pa tayala n'kulinenepetsa mpaka gudumu kukana kuzungulira.

Chachiwiri, yezani mpata wa pakati pa zogwirira mabuleki, kuti thumba lisatchinge zala. Chachitatu, fufuzani pa handulo malo awiri opanda kanthu, kumanja ndi kumanzere kwa pakati, pomwe lamba angazungulire osapana waya, ndodo kapena belu. Ikanipo choko, muyeze kutalikirana kwake. Pa njinga yanga ndi masentimita 13.

Miyeso imene ndikupatseni ndi ya thumba lonenepa masentimita 16 ndi lotalika masentimita 40 likadzaza, lomwe limalowa katundu wa malita pafupifupi 8. Musanadule chilichonse, pindani katoni mofanana ndi thumba limeneli, muimangirire pa handulo ndi legeni. Khotetsani handulo uku ndi uku mpaka pothera. Gwirani mabuleki onse, muwasiye, muone ngati akubwerera okha. Katoni ikakhudza penapake, chepetsani muyeso panopa, pamene kulakwitsa sikunakudyereni ndalama.

Kudula chishango

Tsukani chigubu ndi madzi otentha ndi sopo, mafuta achoke. Pa mbali yake yaikulu yosalala jambulani bokosi la masentimita 28 m'lifupi ndi 30 kutsika. Dulani ndi mpeni, mukuukankhira kutali ndi thupi lanu. Ukamakana, utenthetseni pang'ono pa mbaula. Makona onse anayi muwadule mozungulira ngati m'mphepete mwa mbale, kenaka palani m'mbali monse ndi mpeni kapena kukhutiza pa simenti mpaka chala chizidutsa osakandika. Kona yakuthwa imodzi yokha ndi yokwanira kuboola thumba pa tsiku limodzi.

Tsopano mabowo a malamba, onse pamodzi 14. Bowo lililonse ndi kamng'alu kotalika masentimita 3, kotakasuka moti lamba adutse mothinirako. Kabooledwe kake ndi aka: tenthetsani msomali, muugwire ndi pulayazi, mubowole timabowo tiwiri kumapeto kwa kamzere, kenaka mulumikize timabowoto ndi mpeni. Mukangocheka ndi mpeni wokha, kumapeto kwa mng'alu kumakhala kosongoka, ndipo pulasitiki imayambira pamenepo kung'aluka ikamakokedwa. Chitirani panja, utsi wa pulasitiki si wabwino pa chifuwa.

Mabowo asanu ndi atatu ndi a malamba aakulu ogwira thumba. Lowani masentimita 3 kuchokera m'mphepete mwa kumanja, mubowole awiri chakumwamba ndi awiri chakumunsi, ogona chopingasa, otalikirana masentimita awiri. Chitaninso chimodzimodzi kumanzere. Anayi ndi a malamba a pa handulo: awiri kumanja, awiri kumanzere, motsatira muyeso wa choko uja, loyamba masentimita 8 kuchokera pamwamba, linzake masentimita 3 pansi pake. Awiri otsala abooleni pakati, masentimita 8 kuchokera pansi, koma amenewa aime choimirira chifukwa lamba wake azungulira chopingasa.

Kuti chishango chipindike, chiikeni m'beseni, muthirepo madzi owira, chikhale mphindi zingapo. Chivuuleni ndi mtengo, muchikulunge pa chipika kapena pa mtondo waung'ono, mumange ndi malegeni, chizizire chili pomwepo. Sichipindika ngati uta, ndipo sipafunika kutero. Chingoyamba njira, zotsalazo malamba adzamaliza. Amene muli ndi nsalu yotsala mungachisokere chovala, chifukwa pulasitiki yokhalitsa padzuwa imauma n'kuyamba kuthetheka. Changa choyamba ndinachisiya chamaliseche ndipo chinatha chaka ndi miyezi.

Patapata uja ntchito yake ndi iyi. Dulani tizidutswa ta masentimita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, tinayi kapena tisanu ndi timodzi, kalikonse mukacheke ming'alu iwiri yofanana ndi ya pa chishango. Timeneti tikhala pakati pa handulo ndi chishango, tiwiri kapena titatu mbali iliyonse, kuti pakhale mpata wa masentimita atatu kapena anayi. Mu mpata umenewo ndimo mudutse mawaya kapena ndodo za mabuleki, ndimonso mulowe zala zanu. Kanthu konyozeka, koma ndiko kamasiyanitsa chikwama chabwino ndi msampha.

Kwa telala

Thumba mungalisoke pamanja ndi singano ya osoka nsapato, ija yokhala ndi kangowe, koma mutha masiku awiri ndipo zala zidzakuuzani. Ine ndimapita kwa telala wa pakhonde pa msika. Tsiku loyamba anaitembenuza nsalu ya lona ija kawiri, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, chimenechi avale ndani?"

"Ivale njinga, bambo."

"Ndiye njingayo igule singano yake, zangazi n'za mayunifolomu."

Ananena zoona. Pitani ndi singano zanu za makina, nambala 16 kapena 18, ziwiri kapena zitatu, pamodzi ndi ulusi wanu. Makina opalasa ndi mwendo amaitha ntchito imeneyi bwinobwino akamayendetsedwa mofatsa.

Dulani nsalu ya masentimita 54 m'lifupi ndi 86 m'litali. Mbali ziwiri zifupizifupi, za 54 zija, ndizo zikhale milomo. Pindani mlomo uliwonse masentimita 3 chakum'kati, musoke, kuti pakhale kanjira. M'kanjiramo lowetsani lamba wa belo uja, wodulidwa masentimita 24, nsonga zake zitazungulizidwa ndi sizasi; mum'kankhire mbali imodzi kuti akhale theka la mlomo, musoke kamzere kom'tsekera asamayendeyende. Ameneyu ndiye amachititsa kuti mlomo uzikulungika mowongoka m'malo mokhwinyata.

Kenaka pindani nsalu pakati m'litali mwake, kunja kukhale m'kati, mbali zazitali zija zikumane. Musabaye ndi mapini, bowo lililonse ndi khomo la madzi. Gwirizitsani ndi mapegi. Sokani masentimita awiri kuchokera m'mphepete, kuyambira mlomo wina mpaka unzake. Nsalu yotsala kunja kwa msoko ipindeni pakati, musokenso kachiwiri. Muwapemphe atelala atalikitse masitichi, pafupifupi mamilimita atatu kapena anayi. Iwo anazolowera ang'onoang'ono a malaya, koma pa lona masitichi othinana amachita ngati timabowo ta pa lisiti, nsalu imang'ambika motsatira mzere womwewo. Lona ikamakakamira pansi pa phazi la makina, yalani kanyuzipepala pamwamba, musoke pamodzi, mudzathothole pambuyo.

Thumba lisanatembenuzidwe, dulani kansalu kotalika ngati msoko, masentimita anayi m'lifupi. Pakani guluu pa msoko ndi pa kansaluko, dikirani mpaka guluu asiye kumata chala, ndiye muphatikize ndi kutsindira ndi botolo. Anthu ambiri amafulumira kumata guluu akadali wamadzi, n'chifukwa chake zimamatuka. Ligone usiku umodzi, m'mawa mulitembenuze.

Chatsala ndi zotsekera za milomo. Yalani thumba pansi kuti mlomo ukhale wophwatalala, msoko uli m'mphepete; muona kuti ndi masentimita 25. Dulani lamba wa masentimita 40, muwambe nsonga zake pa lawi la kandulo kuti zisamasosoke. Kunsonga ina lowetsani chotsekera chachimuna, kwinako chachikazi, mupinde nsongazo kubwerera m'mbuyo kuti zotsekera zingotulukira pang'ono m'mbali mwa mlomo. Sokani lambayo pa mlomo wa mbali imene muli lamba wa belo, mbali imodzi yokha, osatseka thumba. Pafupi ndi chotsekera chilichonse sokani kabokosi kokhala ndi mtanda m'kati, mubwereze kawiri, chifukwa mphamvu yonse imathera pamenepo. Chitani chimodzimodzi mlomo winawo.

Kumangirira pa njinga

Dulani malamba awiri a masentimita 90. Aliyense alowe m'mabowo a m'mphepete mwa chishango, kulowa ndi kutuluka ngati mukuluka mkeka, adutse kumsana kwa chishango kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kunsonga ya pamwamba sokani chotsekera chachikazi. Kunsonga ya pansi lowetsani chachimuna osasoka, kuti muzikoka pomangitsa.

Malamba a pa handulo ndi awiri, masentimita 35 aliyense, kunsonga imodzi mutasokerako kokokera. Lamba atuluke pa bowo la chishango, adutse m'tizidutswa ta patapata, azungulire handulo, abwerere m'patapata, alowe bowo linalo, akakumane ndi kokokera kake. Musanamange, kulungani kachidutswa ka chubu pa handulo pomwe padutse lamba. Mphira imagwira, lamba saterereka, komanso utoto wa njinga sukhulika. Kokani mpaka patapata aphwatalale pang'ono.

Lamba wachitatu, wa masentimita 40, ndi amene anthu amamunyozera, chonsecho ndiye amaletsa kudumpha kuja. Adutse m'mabowo awiri a pakati, azungulire chinthu cha kumunsi. Pabwino ndi paphata pa foloko, pamene miyendo yake iwiri imakumana, chifukwa pamenepo pamakhota limodzi ndi handulo. Mukamangirira ku khosi la felemu, lomwe silikhota, musathinitse kwambiri, apo ayi njinga izilimba pokhota. Pa njinga za ndodo pamakhala kachitsulo kokolekapo nyale. Ngati simuikapo nyale, kameneko ndi malo abwino zedi. Chachikulu, lamba asadutse pamwamba pa ndodo ya buleki. Adutse kumbuyo kwake kapena m'mbali. Apanso ikani patapata pakati, kuti chishango chisatsamire ndodo.

Mukamaliza, musanaike thumba, nyamulani kutsogolo kwa njinga muzungulitse gudumu. Gwirani buleki, siyani. Bwerezani handulo itakhotera kumanja, bwerezaninso itakhotera kumanzere. Buleki ikachedwa kubwerera ngakhale pang'ono, pali chimene chikupana, onjezani patapata. Malamba otsala lendelende apindeni, muwamange ndi timphete todula ku chubu. Lamba wolendewera pafupi ndi masipoko a kutsogolo ndi ngozi yeniyeni, akakodwa gudumu limaima nthawi yomweyo, inu n'kupitirira nokha.

Zolowa m'thumba ndi zosayenera kulowamo

Kutsogolo n'kwa zinthu zotupa koma zopepuka: neti, kansalu kofunda, zovala zosinthira, jekete yamvula. Ine sindipitirira makilogalamu atatu, ndipo awiri ndiye pabwino. Madzi, ufa, mapoto, masipanala ndi pampu zipite pa kaliyala, ndiyo inapangidwira zolemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, ndiye mabotolo awiri okha m'thumba la kutsogolo akwanira kuti handulo iyambe kukulamulirani. Pa tala mwina simungamve, koma mukalowa mumchenga wa pa mitsinje youma ija ya tsidya la kum'mawa kwa Shire, njira ya ku Thabwa kulowera ku Muona, gudumu lolemedwa limangozama n'kukugwetserani m'mbali.

Polongedza, cholemerako chikhale pakati, zofewa kumapeto. Neti ndimaiika mbali imodzi, jekete mbali inayo, kuti chilichonse ndichitulutse pa mlomo wake osakhutula zonse. Ubwino wa milomo iwiri ndi umenewu. Tsekani mlomo umodzi: phatikizani milomo, kulungani katatu kapena kanayi, pindani nsonga zikumane, kha. Tsindirani katundu ndi bondo kuti mpweya utuluke, ndiye mutseke winawo. Kukulunga kosakwana katatu fumbi ndi madzi zimapeza njira. Thumba likhale lolimba ngati mtolo wa fodya. Lofewa limapindika pakati, mapeto ake n'kugwera pansi. Liikeni pa chishango msoko utayang'ana kumbuyo chakumunsi, mbali zonse zitatuluka mofanana, mumange malamba awiri aja zolimba.

Musanyamuke ulendo wautali tsiku lomwelo. Yambani mwazungulira nacho makilomita asanu kapena khumi pa msewu woipitsitsa umene muli nawo pafupi, wa mabampu ndi timizere tija timagwedeza mano. Malamba atsopano amatamuka, patapata amaphwa, ndiye mukabwerako mupeza zonse zakhwepa. Mangitsaninso, muyezenso mpata wa pa tayala ndi zala: zinayi zilowe. Yang'anani pomwe pachita mzere wowala pa nsalu kapena pa felemu, pamenepo pakukhulana, matanipo chigamba cha chubu zisanafike poipa.

Kathumba ka botolo

Aka n'kosavuta, ndipo mwina ndiko mudzakakonde kuposa chachikulu chija. Dulani mwendo wa jinzi ya mwana, masentimita 22, wotakasuka moti botolo lanu lilowe momasuka. Pansi sokanipo kansalu kozungulira, pakati pake muboolepo kabowo kotulukira madzi ndi mchenga. Pamwamba pindani kanjira, mulowetse chingwe cha nsapato chokokera. M'mbali sokani timalamba tiwiri, kena kogwira handulo, kena kogwira chitsulo chimene chanyamula handulo, ndipo pansi kachingwe kopita ku foloko. Malo atatunso. Kakhale kumbuyo kwa handulo, mbali ya inu, koma muyese kupalasa mutaimirira kuti bondo lisamakagunde.

Apa jinzi ndiye mfumu chifukwa cha kumwa madzi komwe kuja. Mukafika pa mjigo nyowetsani kathumba konse. Mphepo ikamakaumitsa mukupalasa, madzi a m'botolo amazizirirako, monga umachitira mtsuko. Pakati pa Bangula ndi Nsanje, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kusiyana kwa madzi ofunda ndi ozizirirako mumakumva mpaka mumtima. Ena amasoka kachiwiri mbali inayo koikamo mtedza, masawu, malambe ndi mapaketi a Thanzi, aja osungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi. Foni musaiike m'kathumba konyowa, musaiikenso pamwamba pa thumba m'pulasitiki yoonekera poti muziona mapu. Dzuwa la masana limaitenthetsa mpaka kuzima yokha. Ikulungeni m'kansalu, ikhale m'thumba la malaya kapena pakati pa zovala.

Pa ulendo

M'mawa uliwonse musanakwere, gwirani thumba ndi manja awiri muligwedeze. Ligwedezeke pamodzi ndi njinga, osati palokha. Mukamawoloka pa bwato, monga pochoka ku Bangula kupita tsidya la Makhanga, masulani thumba mulinyamule pamiyendo. Njinga m'bwato amazigoneka mosanjikiza, pedulo ya mnzanu ingakuboolereni nsalu, komanso pansi pa bwato sipauma. Thumba limeneli limapirira mvula ndi kuthovokera kwa madzi, koma likamira m'Shire madzi alowa ndithu, choncho ziphaso, ndalama ndi machesi zikhale m'jumbo yawoyawo.

Poimika njinga pamthunzi yang'anani kaye mtengo wake. Minga ya mthethe siiona kuti iyi ndi lona. Pakabooka, pukutani fumbi, palani pang'ono, mumatepo chigamba ndi guluu kunja ndi m'kati. Pa lona ya pulasitiki chimagwira bwino, pa jinzi ndi bwino kuchita kusoka. M'kathumba ka zida, pamodzi ndi zomatira chubu, muziyenda ndi singano imodzi yaikulu, ulusi wokulunga pa kamtengo, chotsekera chimodzi chapadera ndi malegeni awiri aatali. Chotsekera chikathyoka pakati pa njira, legeni amagwira thumba pa chishango mpaka mukafike pa msika wotsatira, bola mum'zungulize kawiri ndipo mfundo yake ikhale pamwamba pomwe mukuiona.

Mukabwerera kunyumba khutulani zonse, tembenuzani thumba, mulikung'unthe, mulipukute ndi kansalu konyowa, liume pamthunzi milomo ili yotseguka. Chotsani chishango kamodzikamodzi muone mabowo ake. Mukaona kamng'alu kayamba, boolani kabowo ndi msomali wamoto kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire. Thumbalo lipachikeni pa msomali kapena pa waya, osati pansi pafupi ndi matumba a mapira, makoswe akanunkhiza mtedza umene munaiwala m'kona amaboola lona usiku umodzi wokha.